Haskell Curry: katswiri yemwe adafunafuna njerwa zomangira maganizo ndi mapulogalamu

Anthu olemba mapulogalamu a kompyuta masiku ano kawirikawiri sayambira pa pepala lopanda kanthu. Amatola zidutswa zimene ena adalemba kale, china chowerengetsa ndalama, china chotsimikizira kuti munthu ndi mwinidi wa akaunti, china chotumiza uthenga pa foni, n'kuzilumikiza kuti zigwire ntchito imodzi. Pamenepa pamabuka mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti munthu angadziwe bwanji kuti zidutswa ziwiri zikuyenerana asanaziike pa ntchito. Lachiwiri ndi lakuti ngati lamulo la kalumikizidwe lilipo ndipo n'lodziwika, chingaletse n'chiyani kuti makina azilumikiza okha zidutswazo.

Mmodzi mwa anthu oyambirira kulimbana ndi mafunso amenewa adali Haskell Brooks Curry, katswiri wa masamu wa ku United States, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 1900 mpaka 1982. Iye adakumana ndi nkhaniyi kawiri. Koyamba kudali m'mabuku a lojiki, yomwe ndi nthambi ya maphunziro yofufuza malamulo a kaganizidwe kolondola. Kachiwiri kudali pa ntchito ya imodzi mwa makompyuta oyamba pa dziko lonse. Ntchito ziwirizi zidayenda njira zosiyana pa moyo wake wonse, ndipo zidadzakumana kwenikweni mwini wake atamwalira kale.

Mwana wa aphunzitsi a kayankhulidwe

Curry adabadwa pa 12 Sepitembala 1900 m'tauni ya Millis, m'chigawo cha Massachusetts. Bambo ake, a Samuel Silas Curry, ndi mayi ake, a Anna Baright Curry, ankayendetsa sukulu yophunzitsa luso loyankhula pagulu mumzinda wa Boston, yomwe pambuyo pake idadzatchedwa Curry College. Mwanayo adalowa yunivesite ya Harvard mu 1916 ndi cholinga chodzakhala dokotala. Dziko la United States litalowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1917, iye adaganiza kuti masamu ndiwo angamuthandize kukatumikira m'gulu la asilikali a mizinga, choncho adasintha maphunziro. Adalembetsa m'gulu la ophunzira okonzekera usilikali mu Okutobala 1918, koma nkhondo idatha patangopita milungu yowerengeka. Kunkhondo sadapite, koma masamu adakhala nawo, ndipo adalandira digiri yoyamba mu 1920.

Zaka zotsatira adakhala akufunafuna pokhazikika. Adagwirako ntchito ku kampani ya General Electric uku akuphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku Massachusetts Institute of Technology. Kumeneko adazindikira kuti anzake ankakhutira akaona kuti njira yowerengera yapereka yankho, pamene iye ankafuna kudziwa chifukwa chimene njirayo ili yolondola. Mu 1922 adabwerera ku Harvard kukaphunzira fizikisi, ndipo adalandira digiri yachiwiri mu 1924. Kenaka adayamba kafukufuku wa digiri ya udokotala wa masamu moyang'aniridwa ndi George Birkhoff. Mutu umene ankafufuza sudamugwire mtima, chifukwa maganizo ake adali pa buku lina limene ankawerenga pambali.

Lamulo looneka laling'ono

Bukulo lidali Principia Mathematica, limene Alfred North Whitehead ndi Bertrand Russell adasindikiza m'magawo atatu pakati pa 1910 ndi 1913, pofuna kuonetsa kuti masamu onse angamangidwe kuchokera pa mfundo zochepa za lojiki. M'mitu yoyambirira ya bukuli umboni uliwonse umayenda ndi malamulo awiri. Loyamba n'losavuta: ngati mfundo P ndi yoona, ndipo zadziwika kuti P ikakhala yoona Q nayonso imakhala yoona, ndiye kuti Q ndi yoona. Lachiwiri ndi lolowetsa: pamene pali chilembo choimira chinthu chosatchulidwa, monga x kapena y, munthu amaloledwa kuikapo chinthu china m'malo mwake.

Mwana aliyense wa kusekondale amagwiritsa ntchito lamulo lachiwirili osaliganizira n'komwe. Koma Curry adaona kuti lamuloli n'lovuta kwambiri kuposa linzakelo. Wolitsata ayenera kupeza malo onse amene chilembocho chikupezeka, ndipo pa nkhani zozama ayenera kusamala kuti chilembo cholowa chisasokonezeke ndi china chofanana nacho chimene chikugwira kale ntchito ina m'chiganizo chomwecho. Zonsezi zinkachitikira m'mutu mwa wowerenga, ndipo bukulo silidazifotokoze mwatsatanetsatane. Curry adakayikira kuti mwina ena mwa mavuto amene ankasowetsa mtendere akatswiri a masamu panthawiyo adabisala m'lamulo limeneli. Choncho m'zaka za 1926 ndi 1927 adayamba kuliphwanya m'tizigawo, napanga zida zochepa zolembedwa pa pepala, chilichonse chogwira kantchito kamodzi, zoti zikalumikizidwa zizichita zonse zimene zilembo zoimira zimachita.

Wina adali atadutsapo kale

Chakumapeto kwa 1927 Curry adali mphunzitsi ku yunivesite ya Princeton. Mu Novembala chaka chimenecho, akufufuza m'nyumba yosungiramo mabuku, adapeza nkhani imene idatuluka mu 1924 m'magazini ya Mathematische Annalen. Mlembi wake adali Moses Schönfinkel, wobadwira mumzinda umene lero ndi Dnipro m'dziko la Ukraine. Nkhaniyo idachokera pa zimene Schönfinkel adakamba ku Göttingen, m'dziko la Germany, pa 7 Disembala 1920, ndipo mutu wake unkanena za njerwa zomangira lojiki ya masamu. Iye adali ataonetsa kale kuti zida ziwiri zokha, zimene lero zimatchedwa K ndi S, n'zokwanira kuchotseratu zilembo zoimira. Chida cha K chimalandira zinthu ziwiri n'kubweza choyamba. Chida cha S chimalandira ntchito ziwiri ndi chinthu chimodzi, chimapereka chinthucho ku ntchito zonse ziwiri, kenaka n'kugwiritsa zotuluka mu yoyamba pa zotuluka mu yachiwiri.

Kwa wophunzira wofuna digiri, kumva kuti wina adatulukira kale zimene iye ankaziyesa zake ndi nkhani yofoola nkhongono. Koma Oswald Veblen, mmodzi mwa akuluakulu a masamu ku Princeton, adamukhazika mtima pansi pomuuza kuti kupezeka kwa wina woganiza chimodzimodzi ndi chizindikiro chakuti njirayo ndi yoyenera. Panthawiyi Schönfinkel adali atasamukira ku Moscow, akudwala matenda a maganizo, ndipo sadapitirize ntchitoyo. Adamwalira ali mu umphawi m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Munda umene iye adatsegula udalibe woulima.

Curry adakwatira mu Julayi 1928, ndipo iye ndi mkazi wake adanyamuka ulendo wa ku Göttingen, kumene David Hilbert adasonkhanitsa akatswiri ambiri ofufuza maziko a masamu. Pa pepala womuyang'anira adali Hilbert, koma yemwe ankakhala naye pansi kukambirana ntchitoyo adali Paul Bernays. Patatha chaka chimodzi adalemba mayeso ake omaliza, ndipo kafukufuku wake adasindikizidwa m'Chijeremani mu American Journal of Mathematics mu 1930. M'menemo adagwiritsa ntchito zida zinayi: B cholumikiza ntchito ziwiri kuti zotuluka mu ina zilowe mu inzake, C chosinthanitsa malo a zinthu ziwiri, W chobwereza chinthu kawiri, ndi K chotaya chinthu chosafunika. Dzina la zida zotere pa Chingerezi, combinator, ndi la nthambi yonse ya maphunzirowa, combinatory logic, adapereka ndi iyeyo.

Mu Sepitembala 1929 adayamba uphunzitsi ku Pennsylvania State College, m'tauni yaing'ono ya State College, kumene adakhala zaka 37.

Nyumba idagwa, njerwa zidatsala

Zida za Curry zidali ndi ufulu waukulu. Chilichonse chinkatha kugwiritsidwa ntchito pa chinzake chilichonse, ngakhale pa icho chomwe. Ufulu wotere udali utabweretsa kale mavuto. Mu 1901 Russell adaganizira za gulu la magulu onse amene sali mamembala a iwo eni, napeza kuti gulu loterolo likakhala membala wa ilo lokha ndiye kuti si membala, ndipo likapanda kukhala membala ndiye kuti ndi membala. Mankhwala amene Russell adapereka mu 1908 adali kugawa zinthu m'mitundu, n'kuletsa kuti chinthu chikambe za china cha msinkhu wake womwe. Apa ndi pamene padayambira chiphunzitso cha mitundu.

Curry ankafuna kumanga lojiki yonse popanda ziletso zoterozo, ndipo Alonzo Church wa ku Princeton ankayesa zofananazo ndi njira yake yotchedwa lambda calculus. Mu 1935 ophunzira awiri a Church, Stephen Kleene ndi Barkley Rosser, adaonetsa kuti nyumba zonse ziwiri zidali ndi mng'alu woopsa: m'kati mwake munthu ankatha kupeza umboni wa mfundo iliyonse, yoona ndi yabodza yomwe. Akatswiri ambiri adaitaya njirayi. Curry adakakamira, nafufuza gwero la vutolo kwa zaka zingapo, mpaka mu 1942 adalifotokoza m'njira yachidule kwambiri. Adaonetsa kuti chiganizo chodzinena chokha, chakuti ngati icho chili choona ndiye kuti mfundo ina yake ndi yoona, n'chokwanira kutsimikizira chilichonse chimene munthu angafune. Chododometsa chimenechi chimadziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Chimene chidagwa chidali lojiki yomangidwa pamwamba. Zida zenizenizo zidapezeka kuti zilibe chilema. Komanso Curry adali atayamba kale ntchito ina imene idadzakhala yofunika koposa. Mu 1934, m'magazini ya Proceedings of the National Academy of Sciences, adafotokoza njira yopatsira chida chilichonse chizindikiro chonena chimene chimalandira ndi chimene chimatulutsa.

Nzeruyi imamveka bwino poganizira za kuchigayo. Makina okonola amalandira chimanga n'kutulutsa mphale. Makina ogaya amalandira mphale n'kutulutsa ufa. Ngati pa makina aliwonse palembedwa cholowa ndi chotuluka, munthu amene sadziwa za m'kati mwa makinawo angathe kuona kuti okonola ayenera kukhala patsogolo, kuti onse pamodzi amasandutsa chimanga kukhala ufa, ndiponso kuti kuwaika motembenuza n'kulakwitsa. Cholembedwa chimenechi ndicho akatswiri amachitcha mtundu wa chidacho.

Polemba mitundu ya zida zake, Curry adaona chinthu chodabwitsa. Mtundu wa B, ukawerengedwa ngati chiganizo, umanena kuti ngati Q imabweretsa R, ndipo P imabweretsa Q, ndiye kuti P imabweretsa R. Mtundu wa K umanena kuti ngati P ndi yoona, imakhalabe yoona ngakhale patawonjezedwa mfundo ina Q. Ziganizo zimenezi zidali mfundo zoyambira zimene akatswiri a lojiki ankazidziwa kale. Tanthauzo lake lidali lakuti kulumikiza zida motsata mitundu yake ndi ntchito imodzimodzi ndi kumanga umboni. Iye adakhudzapo zimenezi mu 1934 ndipo adazitambasula m'buku lake la 1958.

Njira yake idasiyana ndi ya Church pa mfundo imodzi. M'chiphunzitso cha mitundu chimene Church adasindikiza mu 1940, chinthu chilichonse chimabadwa ndi mtundu umodzi wokhazikika. Kwa Curry chida chimakhalapo choyamba, mtundu umabwera pambuyo, ndipo chida chimodzi chingayenere mitundu yambiri malinga ndi pamene chaikidwa. Kwa munthu wofuna kugwiritsa ntchito chidutswa chimodzi m'mapulogalamu osiyanasiyana, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Nkhondo ndi makina a ENIAC

Nkhondo yachiwiri idamuchotsa m'kalasi. Kuyambira 1942 adagwira ntchito ya masamu a zida zankhondo ku Frankford Arsenal mumzinda wa Philadelphia, kenaka ku Applied Physics Laboratory ya yunivesite ya Johns Hopkins, ndipo mu 1945 adapita ku Ballistic Research Laboratories ku Aberdeen, m'chigawo cha Maryland. M'zaka zimenezi, mu 1944, adasindikiza nkhani yokhudza njira yopezera yankho potsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumene cholakwa chikuchepa. Njirayi adaiyamba ndi Augustin Cauchy mu 1847, ndipo lero ndi imodzi mwa mizati ya kaphunzitsidwe ka makina a nzeru zopanga.

Ku Aberdeen adaikidwa m'komiti yokonza masamu oti ayesedwe pa makina atsopano otchedwa ENIAC, pamodzi ndi Derrick Lehmer, Franz Alt ndi Leland Cunningham. Makinawa adamangidwa ku yunivesite ya Pennsylvania ndipo adaonetsedwa kwa anthu mu Febuluwale 1946. Adali ndi machubu a magetsi pafupifupi 18,000 ndipo ankalemera matani oposa 25. Panthawiyo pulogalamu sinkalembedwa m'mawu ayi. Inkakonzedwa polumikiza nthambo ndi kutembenuza maswichi, ntchito imene inkatha masiku angapo ndipo yambiri inkagwiridwa ndi amayi odziwa masamu.

Curry ndi mmodzi mwa amayi ogwira ntchito pa makinawo, Willa Wyatt, adalemba lipoti mu 1946 la vuto lofunika kwa asilikali a mizinga. Kuwerengera kumene chipolopolo chikafike ngati mzinga waloza mwakutimwakuti kudali kodziwika. Chofunika pankhondo chidali kutembenuza funsolo: ngati chandamale chili pamalo akutiakuti, mzinga uloze motani ndipo chipolopolo chiphulike patapita nthawi yaitali bwanji. Pofuna kuti ntchito yaikuluyi ikwane pa makinawo, awiriwa adaigawa m'magawo, lililonse lokhala ndi polowera ndi potulukira, ndipo adasamala kuti magawo ena azigwiritsidwa ntchito kangapo. Munthu amene adatha zaka pafupifupi 20 akuganiza za njerwa za lojiki adapezeka kuti akuumba njerwa za pulogalamu.

Malipoti amene adawerengedwa ndi ochepa

Atabwerera ku State College, Curry sadaiwale zimene adaona. Adawerenga malipoti a Herman Goldstine ndi John von Neumann a 1947 ndi 1948 okhudza kakonzedwe ka mapulogalamu, ndipo adaona kuti njira yawo yophatikizira tizigawo inkasiyira munthu ntchito yambiri ya pamanja. Mu 1949 ndi 1950 adalembera Naval Ordnance Laboratory malipoti awiri okhudza kaphatikizidwe ka mapulogalamu, ndipo mu 1952 adakamba chidule chake pa msonkhano wa akatswiri a lojiki ku Paris.

Mfundo zake zidali zitatu. Yoyamba idali yakuti pulogalamu yaikulu iliyonse ingaphwanyidwe kukhala timapulogalamu tochepa toyambira. Yachiwiri idali yakuti kulumikiza mapulogalamu awiri, kapena kulowetsa ina m'kati mwa inzake, ndi ntchito yokhala ndi malamulo omveka, moti makina angaigwire okha. Yachitatu idali yokhudza mitundu. M'chikumbumtima cha kompyuta malamulo opatsa makina ndi manambala owerengetsa zimasungidwa mofanana, ndipo makina akatenga nambala n'kuiyesa lamulo, ntchito yonse imasokonekera. Curry adafufuza zofunika kuti mitundu iwiriyi isasakanikirane pamene mapulogalamu akuphatikizidwa. Adafotokozanso masitepe osandutsira chiganizo cha masamu kukhala mndandanda wa malamulo a makina.

Zonsezi zidatsalira pa pepala. Makina amene iye ankawaganizira, a mtundu umene von Neumann ankamanga ku Princeton, adali asanathe, ndipo kusukulu yake kudalibe kompyuta. Malipotiwo adali a m'kati mwa bungwe la asilikali, kalembedwe kake kadali kolemetsa, ndipo owawerenga adali ochepa. Chinenero cha Fortran, chimene chidazoloweretsa anthu kuti kompyuta ingamasulire yokha masamu kukhala malamulo a makina, chidatuluka mu 1957 kuchokera ku kampani ya IBM, modzera njira ina. M'zaka za m'ma 1970 Donald Knuth ndi Luis Trabb Pardo, polemba mbiri ya zinenero zoyambirira za makompyuta, adaikamo ntchito ya Curry pakati pa zoyamba.

Zaka za mabuku

Curry adabwerera ku lojiki. Adali mmodzi mwa okhazikitsa bungwe la Association for Symbolic Logic mu 1936, ndipo adalitsogolera kuyambira 1938 mpaka 1940. Mu 1950 adapita ku Louvain, m'dziko la Belgium, kukagwira ntchito ndi Robert Feys, ndipo zipatso zake zidali gawo loyamba la buku la Combinatory Logic, lomwe lidatuluka mu 1958. Buku lina, Foundations of Mathematical Logic, lidatuluka mu 1963. Atapuma ku Pennsylvania mu 1966 adakaphunzitsa ku yunivesite ya Amsterdam mpaka 1970. Gawo lachiwiri la Combinatory Logic, limene adalemba ndi Roger Hindley ndi Jonathan Seldin, lidatuluka mu 1972.

Omudziwa ankamukumbukira ngati munthu wofatsa ndi wopeza nthawi yomvera ophunzira, yemwe khomo lake lidali lotsegukira alendo. Ankakonda kwambiri kuyenda m'thengo kukaona mbalame. Adalinso ndi chizolowezi cholemba maganizo ake a kafukufuku ndi kuika deti pa pepala lililonse, moti olemba mbiri amatha kutsata mmene nzeru zake zidakulira. Kwa zaka zambiri nthambi yake inkaoneka ngati kanjira kapambali kopanda odutsamo. Adamwalira ku State College pa 1 Sepitembala 1982, patatsala masiku 11 kuti akwanitse zaka 82.

Pamene njira ziwiri zidakumana

Iye adakali moyo, ena adali atayamba kukulitsa zimene adabzala. Mu 1969 William Howard adaonetsa kuti kufanana kwa mitundu ndi mfundo za lojiki n'kozama kuposa mmene zinkaonekera: mtundu ndi mfundo, pulogalamu ya mtundu umenewo ndi umboni wake, ndipo kuyendetsa pulogalamu kukufanana ndi kufewetsa umboni. Nkhani ya Howard idasindikizidwa mu 1980 m'buku lolemekeza Curry pokwanitsa zaka 80, ndipo mfundoyi imatchedwa ndi mayina a anthu awiriwa. M'chaka chomwecho cha 1969 Hindley adatsimikiza kuti pali njira yoti makina apeze okha mtundu wotakata koposa wa chida chilichonse choyenera kukhala ndi mtundu, ndipo Robin Milner adaipezanso payekha mu 1978 pokonza chinenero cha ML. Komiti imene idakhazikitsidwa mu 1987 kuti ikonze chinenero chatsopano cha makompyuta idachitcha Haskell, itapempha chilolezo kwa mkazi wa malemuyo, ndipo lipoti loyamba la chinenerochi lidatuluka mu 1990.

Nawonso a mafakitale adali atafika pa funso la njerwa. Pa msonkhano wa ku Garmisch, m'dziko la Germany, mu 1968, Douglas McIlroy adapempha kuti mapulogalamu azimangidwa ndi zidutswa zokonzeratu, monga mmene zimakhalira ndi zipangizo za makina. Zimenezi zidachitikadi, koma zidabwera ndi ngozi yake. Pa 4 Juni 1996 roketi yoyamba ya Ariane 5 idaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka ku Kourou, ku French Guiana, ndipo masetilaiti anayi adawonongeka. Ofufuza adapeza kuti chidutswa cha pulogalamu chidatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4, kumene chidagwira ntchito bwino. Roketi yatsopanoyo inkayenda mosiyana, nambala ina idakula kuposa malo amene idakonzeredwa, ndipo makina owongolera adaleka kugwira ntchito. Chidutswacho chidali ndi malire amene sadaganiziridwenso pochiika pamalo atsopano.

Yankho la funso lachiwiri lija, loti makina azilumikiza okha, lagona pa mfundo ya Curry ndi Howard. Ngati mtundu ndi mfundo ndipo pulogalamu ndi umboni, ndiye kuti kufunafuna pulogalamu yogwira ntchito inayake n'chimodzimodzi ndi kufunafuna umboni, ntchito imene makompyuta amatha kuigwira. M'zaka za m'ma 2010 gulu la akatswiri a ku yunivesite ya zaumisiri ya Dortmund, lotsogoleredwa ndi Jakob Rehof, lidamanga njira yotere pa lojiki ya Curry. Chidutswa chilichonse m'nkhokwe chimatengedwa ngati chida chokhala ndi mtundu wake. Wofuna pulogalamu amalemba mtundu wa chimene akufuna, ndipo makina amafufuza ngati pali kalumikizidwe ka zidutswazo kotulutsa mtundu umenewo. Pofuna kuti zizindikiro zinene zambiri, gululi lidagwiritsa ntchito mitundu yophatikiza imene Mario Coppo ndi Mariangiola Dezani-Ciancaglini adayambitsa ku Turin chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndi mitundu yotere chinthu chingalembedwe kuti ndi nambala, komanso kuti nambalayo ndi ya ndalama za dziko lakutilakuti, ndipo chidutswa choyembekezera ndalama za dziko lina sichingailandire.

Mu 2016 gululi lidaonetsa kuti njira yomweyo ingamange ndondomeko za kayendedwe ka ntchito, zolembedwa m'kalembedwe kovomerezeka ka BPMN. Pa kampani yogulitsa katundu, mwachitsanzo, pali masitepe monga kulandira oda, kutsimikiza malipiro ndi kutumiza katundu. Ngati chizindikiro cha sitepe yotumiza chikunena kuti imalandira oda yolipiridwa yokha, makina sangatulutse ndondomeko imene katundu akutuluka malipiro asanatsimikizidwe.

Njirayi ili ndi malire awiri. Oyamba ndi a masamu. Samuel Linial ndi Emil Post adalengeza mu 1949 kuti palibe njira imodzi yoyankhira funso la umboni pa mndandanda uliwonse wa mfundo zoyambira, choncho kufufuzako kuyenera kuikidwa mumpanda, ndipo ngakhale m'kati mwa mpandawo nthawi yofufuzira ingakule mofulumira kwambiri. Achiwiri ndi a anthu. Makina amakhulupirira zimene zalembedwa pa chidutswa, ndipo wolemba chizindikirocho ndi munthu. Malire amene munthu waiwala kulemba, monga aja a pa Ariane, makina sangawaone.

M'malipoti a 1949 ndi 1950 Curry adafunsa ngati makina angaphatikize okha mapulogalamu, ndipo m'nkhani ya 1934 adali atalemba kale lamulo loyesera ngati zida zikuyenerana. Iye mwini sadamange makina ogwiritsa ntchito ziwirizi pamodzi. Amene adawamanga, patapita zaka zoposa 60, adagwiritsa ntchito zida zake, dzina limene iye adazipatsa, ndi njira yake yozilembera mitundu.